Torana ya Malemu Lachlan

Pamalo pomwe galimoto ya malemu Lachlan Treloar inakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi panangotsala simenti yoyera mbee. Sajeni Narelle Pavlich anaima m'mphepete mwa malowo, manja ali m'matumba a jekete. Pofuna kupita tsidya lina la holo sanapondepo. Anazungulira, monga momwe munthu amazungulirira manda.

"Ndafika seveni koloko kudzatereka ketulo," anatero a Merv Hoffmann, mkulu yemwe ankasamalira holo ya kalabu ya mpikisano wa magalimoto ya ku Barrindal. "Kutsegula chitseko, palibe. Ndatseka, ndatsegulanso. Ndimati kapena ndi maso angawa, paja adokotala anati ng'ala yayamba. Koma ayi ndithu, mwanawe, palibe."

Galimotoyo sinali yoti munthu n'kuiliza n'kuthawa nayo. Inali Holden Torana yofiira, yophwanyika kutsogolo konse, monga momwe anaizulira pakhoma la bwalo la mpikisano tsiku lomwe Lachlan anafera m'kati mwake. Mkazi wake, Raelene, analetsa kuti wina aliyense aiwongole kapena kuipenta. Anangoikweza pa timagudumu tachitsulo n'kuikankhira m'holomo, ndipo kuyambira pamenepo amuna akuluakulu ankavula zipewa akamadutsa pambali pake popita kukagula mowa.

Narelle anatsata mizere ya timagudumuto mpaka pachitseko chachikulu cha kumbuyo. Loko anali pansi, wodulidwa. Panja, pamatope, panali zidindo za matayala a ngolo yokoka ndi galimoto.

"Chisoti chake chija chimakhala pati, a Merv?"

"Padenga la galimoto, pamodzi ndi chithunzi. Kodi nazonso aba?"

Sanabe. Zinali patebulo la pakona. Wina anayala nsalu bwinobwino n'kuikapo chisoti chomwe Lachlan ankavala pampikisano, ndipo chithunzi chake anachiimika motsamira chisoticho, nkhope italoza kukhoma.

Narelle anachiyang'ana nthawi yaitali osachikhudza. Wakuba wothamangira kutuluka sayala nsalu. Ndipo munthu wodana ndi malemu sachita manyazi ndi maso a pachithunzi.

"Mayi Raelene mwawauza?"

"Ndawaimbira. Angoti, 'Chabwino, Merv,' n'kudula. Chabwino! Mpaka pano sanabwere. A Des, achimwene ake a malemu aja ankamukonzera galimoto, foni yawo ikungoitana. Ndiye taganiza, Lachisanu lomweli kukubwera anthu a nyumba yosungiramo magalimoto akale ya mumzinda kudzaitenga. Raelene anaipereka mwezi watha, komiti osaifunsa n'komwe. Akuti akaimasula chitsulo ndi chitsulo, n'kujambula chilichonse, asanaiike poonetsa anthu. Nanga tikawauza chiyani ife?"

Panja pa holo anthu anali atayamba kale kusonkhana m'chifunga. Ku Barrindal munthu ankabadwa wofiira kapena wabuluu, wa Holden kapena wa Ford, ndipo maukwati ena ankalephereka pa nkhani yomweyi. Narelle anabadwa wofiira. Malemu bambo ake anamuphunzitsa kunyoza Falcon, galimoto ya Ford, asanamuphunzitse kupalasa njinga.

"Tikufunsiranji ngati sitikumudziwa?" anakuwa wina wa jekete yofiira. "Ndi Vince Calabro! Anapha mwini wake, lero wadzatenga ndi bokosi lomwe!"

"Iwe, tseka pakamwa," anayankha wina wa chipewa chabuluu. "Vince angabe chitini cha nsomba chimenecho kuti akachitire chiyani? Torana ndi kabokosi ka machesi koikamo injini. Ikanakhala Falcon, bwenzi Lachlan lero ali nafe pano akumwa mowa."

"Falcon? Chilole chimenecho? Pokhota pamafunika kuchilembera kalata yopempha!"

"Nanga powongoka mumaona chiyani, aise? Si utsi wake?"

"Mpikisano sapambanira powongoka. Powongoka ngakhale agogo ako atha kuponda moto."

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Mkangano umenewu Narelle anaumva chibadwire, ndipo nthawi zonse unkathera pamalo amodzi: pokhota potchedwa pa Thanki, ulendo wachisanu ndi chinayi wozungulira bwalo, pomwe Torana ya Lachlan ndi Falcon ya Vince Calabro zinalowa kuseri kwa kaphiri zitatsatana, n'kutulukako imodzi yokha.

Mayi wina wovala majombo a mphira anadutsa pakati pa amunawo ngati sakuwaona, n'kudzaima pamaso pa Narelle.

"Mukufunafuna wakuba, Sajeni," anatero. "Palibe wakuba. Yayenda yokha. Ndaimva ine."

* * *

Mayi Glenys Schulz ankaweta nkhosa pafamu yomwe mpanda wake unagundana ndi bwalo la mpikisano. Narelle anawakweza m'galimoto ya polisi kuti alankhule anthu asakumva.

"Ine ndine wa mpingo wa Lutheran, za mizukwa ndilibe nazo ntchito," anayamba motero, maso ali kutsogolo. "Mulembe zimenezo poyamba."

"Ndalemba. Inali nthawi yanji?"

"Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane sikisi. Ndinali m'khola ndi botolo, kuyamwitsa kankhosa kamasiye. Chifunga chokhachokha, dzanja lako lomwe osaliona. Ndiye ndangomva."

"Magalimoto olira choncho alipo ambiri kuno, mayi."

"Musandiphunzitse. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwamva pawindo la khitchini, ndingakuuzeni ya aliyense nditatsinzina. Ya Lachlan inali ndi chifuwa chake. Ikamalira pang'onopang'ono inkachita ngati yabanika, gu-gu-gu, kenako zii, mpaka mtima wako kuima, ndiye n'kugwiranso. Malemu amuna anga ankati ndi dzanja la Des limenelo, palibe wina amamanga injini motero. Galu wanga wangoimva, walowa pansi pa thirakitala. Mpaka pano sanatuluke."

"Imathamanga?"

"Ayi. N'chimene chandiopsa. Imayenda ngati yanyamula maliro. Yafika pa Thanki, yaima. Yalira pamenepo, yalira, kenako yazima. Ndiye ndamva munthu akuitana. Kawiri. 'Lachie. Lachie.' Osakweza mawu, koma m'chifunga mawu amayenda."

"Mawu a ndani?"

"Sindinadikire kuti ndiwazindikire. Ndataya botolo, ndalowa m'nyumba, ndatsegula wailesi mpaka kumapeto."

Narelle anawasiya pageti lawo n'kulowa m'bwalo. Pa Thanki panali zii. Khoma la simenti linali lomwe lija, kungoti analipentanso kangapo. Iye analipo tsiku lija, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atakhala paudzu tsidya lina la kaphiri, soseji ili m'manja. Chomwe ankakumbukira si phokoso la kugunda ayi, koma anthu zikwi ziwiri atangoti chete, kudikira kuti galimoto yofiira ituluke.

Paudzu wonyowa panali zidindo zomwe zija za ngolo. Mizukwa siyenda ndi ngolo, anadziuza motero, koma mtima sunamvere. Mapazi a munthu mmodzi wa nsapato zazikulu anachoka pomwe galimoto inaima kupita kukhoma. Ndipo pakhomapo, pomwe dzuwa linali lisanafike, mame anali atafufutika malo awiri. Zinali zikhato ziwiri, zotalikirana ngati za munthu amene watsamira khoma ataweramitsa mutu.

Narelle anayesa kujambula ndi foni, koma pachithunzi panangooneka khoma.

Foniyo inalira ili m'manja mwake momwemo. Anali a Merv.

"Mwanawe, thamanga. Anyamata anyamuka ndi magalimoto anayi. Akupita kwa Calabro."

* * *

Anawapeza atamaliza kale kulemba pageti ndi penti yofiira: WAKUPHA. Pentiyo inali ikuyendererabe.

"Tangobwera kudzaona m'shedi mwake, Sajeni," anatero wa jekete yofiira uja. "Iwenso ndiwe wathu. Bambo ako akanakhalapo, bwenzi ali kutsogolo."

Narelle sanakuwe. Anangotulutsa kabuku n'kuyamba kulemba mayina awo mmodzimmodzi akuwatchula mokweza, pamodzi ndi mayina a akazi awo, ndipo pasanathe mphindi zisanu msewu unali utayera. M'shedimo anasuzumira yekha. Munali makina otchetchera kapinga ndi mpando wa olumala wopindidwa.

Itadutsa thwelofu, kabasi ka chipatala kanaima pageti. A Vince Calabro anatsika pang'onopang'ono, atagwira chitseko ndi manja awiri. Munthu yemwe kale ankadzaza khomo anali atatsala mafupa okhaokha m'kati mwa juzi. Anawerenga mawu a pagetiwo ngati akuwerenga dzina la msewu.

"Zilembo zayamba kuwongoka," anatero. "Zaka zoyamba zija zinkapendekera. Lowani, mwana wa Pavlich."

Dalaivala wa kabasiko anatsimikiza asananyamuke kuti anawatenga faifi koloko m'mawa, monga Lachiwiri lililonse, ndipo kuyambira sikisi anali pamakina osefa magazi, popeza impso zawo zinasiya kugwira ntchito.

M'khitchini munali mbale imodzi ndi mpando umodzi wokokedwa. Windo loyang'ana kumsewu linali ndi galasi losiyana ndi ena onse, ndipo Narelle ankadziwa chifukwa chake. Mwala womwe unaswa loyambalo anaponya ndi iyeyo, sabata ya maliro a Lachlan, bambo ake akumudikira m'galimoto. Sanaululepo kwa munthu. Anakhala mofulatira windolo.

"Mwamva kuti Torana yasowa?"

"Adalaivala andiuza. Akuti ndainyamula pamsana, mapaipi ali m'mkono."

"Mayi Schulz akuti aimva ikulira pa Thanki m'mawa uno."

A Vince anasiya kutakasa tiyi.

"Sizingatheke. Injini ya galimoto ija inang'ambika pakati. Ndinaiona ndi maso anga, poti woyamba kufikapo ndinali ine. Manja awa ndinawotcha pofuna kutsegula chitseko." Anatambasula zikhato. Khungu lake linali losalala, lonyezimira, lopanda mizere. "Zimenezi sazilemba pageti."

"Ndiuzeni za tsiku lija, bambo."

"Ndinanena kale, kwa sajeni wa nthawi imeneyo, yemwe anabwera kudzandifunsa atavala chipewa chofiira. Penti yabuluu yomwe anaipeza kumbuyo kwa Torana ija inali yoona. Tinakhudzana ulendo wachitatu, pokhota poyamba, pamaso pa aliyense. Pa Thanki ndinali kumbuyo kwake mtunda wa magalimoto atatu." Anakankhira kapu pambali, ndipo mawu awo anayamba kulimba. "Tamverani. Falcon yanga inali ndi mphamvu, powongoka ndinkamumeza. Koma pokhota, kagalimoto kaja kanali kasatana. Kopepuka. Abuluu anzanga akandimva ndikutero andipachika, koma ndi zoona. Lachie ankachedwa kuponda mabuleki kuposa munthu aliyense amene ndinapikisana naye, ndipo akaponda, mphuno ya galimoto inkagwada ngati ikupemphera. Maulendo asanu ndi atatu ndinaiona ikugwada. Wachisanu ndi chinayi sinagwade. Inangopita."

"Mabuleki?"

"Ndinatero. Anati taonani wabuluu, akunyoza galimoto yofiira ngakhale pamaliro. Des anaima m'khoti n'kulumbira kuti mabuleki anawaona yekha m'mawa umenewo. Basi. Khoti linati ngozi, tauni inati Calabro. Shopu yanga ya matayala inatsekedwa chaka chisanathe. Mwana wanga anapita ku Perth n'kukasintha dzina. Concetta, mayi a kunyumba kuno, tinawaika mwezi wa Meyi tili anthu asanu ndi mmodzi, kuwerengera ndi wansembe yemwe."

Narelle anayang'ana m'kabuku kake, ngakhale munalibe choti awerenge.

"Nanga Mayi Schulz amva chiyani?"

A Vince anayang'ana kutali.

"Akuti imabanika? Gu-gu-gu, kenako zii?"

"Ndi momwemo."

"Zinalipo ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Des sankamanga injini imodzi. Ankamanga mapasa, ina yodikirira. Sabata ya mpikisano ija, inayo anaiika m'pikapu yake yakale kuti aziyenda nayo ifewe. Chichitikireni ngozi, pikapu imeneyo sindinaionenso pamsewu."

* * *

A Des Treloar ankakhala okha pamsewu wafumbi, mtunda pang'ono kuchoka pabwalo. Shedi yawo inali yotsegula. Chinsalu chachikulu chophimbira galimoto chinali pansi, ndipo pomwe chinkaphimba panali malo opanda fumbi, batire lakale pambali pake, ndi fungo la petulo watsopano. Kagalimoto kawo ka masiku onse kanali pabwalo la nyumba. Kameneko sikakanakoka ngolo.

Narelle anaima pamenepo akulingalira. Munthu wochoka kuholo ndi ngolo, wofuna kupita kutali, akanalowera msewu waukulu. Wodzera m'bwalo la mpikisano n'kutulukira geti la kuseri kwa Thanki ali ndi malo amodzi okha opitako: chidzenje chomwe kale ankaphwanyako miyala, chomwe tsopano chinadzaza madzi obiriwira omwe palibe anafikapo pansi pake.

Anazimitsa galimoto ali patali n'kuyenda wapansi. Chifunga chinali chitachoka kwina konse, koma m'chidzenjemo chinali chikadagona pamwamba pa madzi. Pikapu yotuwa inali itabwerera chambuyo mpaka m'mphepete mwa phompho. Torana inali pangolo, malamba onse atamasulidwa kupatula limodzi. A Des anali atakhala patayala la ngoloyo, dzanja lili palamba lotsalalo.

"Amalume Des," anatero Narelle, monga ankawaitanira ali mwana akabwera ndi bambo ake kugalaja. "Ndine Narelle."

"Ndakuona."

"Chotsani dzanja pamenepo, tikambirane."

"Maola asanu ndi atatu," anatero osatembenuka. "Kungokoka kachitsulo aka, basi. Dzanja likukana."

Narelle anayandikira pang'onopang'ono n'kukhala pamwala pambali pawo. Atakhala choncho, windo la dalaivala la Torana linali pamwamba pa mutu wake, ndipo anayesetsa kuti asakweze maso.

"Anthu a mumzinda aja akapezamo chiyani?"

A Des anapisa dzanja linalo m'thumba la malaya n'kutulutsa kawaya kopindika, kakafupi kuposa chala chaching'ono. Kanali konyezimira chifukwa chogwiragwira.

"Si chomwe akapeze. Ndi chomwe sakachipeza. Aka kamagwira pini yolumikiza chopondera mabuleki. Popanda aka pini imasuntha pang'onopang'ono. Ulendo woyamba, wachiwiri, ili phee. Kenako imagwa. Ukaponda, phazi limangofika pansi."

"Munaiwala."

"Ndinali chagada pansi pa chiwongolero. Pini ndabwezeretsa, kawayaka kali pakamwa. Kumpanda kunabwera abuluu atatu, teni koloko ataledzera kale. Wina anakuwa kuti, 'Des, kangolo kakoko ukukasoka ndi ulusi wanji?' Ndinatuluka. Ndinakaika m'thumba la ovololo kuti ndilankhule bwino." Anapukusa mutu. "Theka la ola, Narelle. Kuwauza kulemera kwa Falcon. Kuwauza omwe anapambana chaka ndi chaka, ndi mphindi zake zomwe. Ndinawagonjetsa. Anachoka atagwetsa nkhope, anthu akundiombera m'manja. Belu linalira, Lachie analowa m'galimoto, nati, 'Zili bwino, achimwene?' Ndinamenya padenga kawiri."

Khwangwala anadutsa pamwamba pa madzi osalira.

"Munakapeza liti?"

"Patapita masiku atatu, ovololo itachapidwa. Pofika apo aliyense anali atanena kale kuti ndi Vince. Ndinati ndinena mawa." Anayang'ana kawayako. "Ndinayesa kukabwezeretsa, kasanu konse, ndili ndekha m'holo. Pansipo panapindikira m'kati, dzanja silifika popanda kudula chitsulo. Ndiye ndinkangokhala naye pamenepo."

"Ndi ndani?"

"Lachie. Sakalamba, ukudziwa. Amangofunsa funso lomwe lija." Anapuma mozama. "Kapinga wa Raelene ndatchetcha zaka zonsezi. Ana ake ndinawaphunzitsa kuyendetsa ndine. Wamkulu ndinamuperekeza kuguwa tsiku la ukwati wake. Aliyense amati Des ndiye munthu."

Narelle anaimirira, nagwira dzanja lawo lozizira n'kulichotsa palamba. Silinalimbe n'komwe. Kenako anamanganso malamba enawo limodzilimodzi, iwo akungoyang'ana.

"Raelene ukamuuze ndiwe," anatero a Des. "Khoti ndingalithe. Iyeyo ayi."

* * *

Cha m'ma folo, a Des ali kupolisi kupereka sitetimenti, Narelle anapeza Mayi Raelene Treloar atakhala pakhonde la nyumba yawo. Anali atavala chijasi, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

Narelle anali atakonza mawu njira yonse. Anangofika poti, "Galimoto yapezeka, mayi, koma pali nkhani ina."

"Waiponya m'madzi?"

"Ayi."

"Ndinadziwa kuti sangathe. Kawaya kaja akadali nako?"

"Mukukadziwa bwanji?" anafunsa Narelle.

"Ukuganiza kuti ovololo ija anachapa ndani? Des analibe mkazi. Ndinakapeza pansi m'makina ochapira, tsiku lachitatu, maliro tisanaike. Ine ndinakulira m'galaja ya bambo anga, kameneko ndimakadziwa. Ndinakabwezera m'thumba, ovololo n'kuipinda, n'kukamupatsa m'manja." Mawu awo sanagwedezeke. "Ndinati anena yekha. Ndinadikira sabata, ndinadikira mwezi. Kenako ndinaona kuti ndili ndi ana awiri, wamng'ono wa zaka zinayi, ndipo denga likadontha wobwera ndi makwerero ndi iyeyo. Ndikanamutaya ndikanatsala ndi ndani? Vince anali wabuluu. Kumuda kunali kosavuta, tauni yonse inkandithandiza."

"N'chifukwa chake munaletsa kuti aikonze."

"Kunena ndinalephera, kufufuta ndinalepheranso. Ndinangoiika poti tonse awiri tiziiona." Anasisita chikwama chawo. "Mwezi wa Meyi ndinapita kumanda ndi maluwa a Lachie. Ndinaona anthu asanu ndi mmodzi ataima padzenje la Concetta, Vince atagwiriridwa ndi wansembe kuti asagwe. Ndinabisala kuseri kwa mtengo ngati mbava. Sabata yomweyo ndinalembera anthu a mumzinda aja. Atayankha, ndinauza Des ndekha, tikudya, kuti akaidula chitsulo ndi chitsulo. Anamaliza chakudya chake n'kutsuka mbale."

Anaimirira n'kumanga mabatani a chijasi.

"Undiperekeze kwa Calabro. Kupolisi tipita pambuyo pake."

A Vince anatsegula chitseko, koma sanawalowetse. Mayi Raelene ananena zonse ataima pamasitepe, kuyambira pakawaya mpaka pamtengo wa kumanda, osalira, osadzichepetsera mlandu. A Vince anamvetsera atatsamira felemu ya chitseko. Nkhope yawo sinasinthe.

"Zilembedwa zimenezi, Sajeni?" anafunsa zitatha.

"Zilembedwa, bambo. Ndipo nkhani ibwerera kukhoti."

Anagwedeza mutu. Narelle anaganiza kuti atha pamenepo, koma anatembenukira kwa Mayi Raelene.

"Sabata yomaliza ya Concetta m'chipatala," anatero, mawu ali bata, "anandigwira dzanja. Anati, 'Vince, tatsala awiri m'chipinda muno. Sindinakusiye zaka zonsezi, ndipo sindiuza munthu. Ingondiuza. Unamugunda?'"

A Vince anapitiriza.

"Zaka makumi anayi tili m'banja. Ndinamuyankha kuti ayi. Anamwetulira n'kundisisita dzanja, monga momwe umachitira ndi mwana amene wanama."

Anabwerera m'mbuyo n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, osachimenyetsa. Amayi awiriwo anamva mapazi awo akukhwekhwerezeka kulowa m'kati mwa nyumba, mpaka sanamvekenso.